Wophunzira ntchito akamafunsa asanayese kanthu

Ndalandira imelo kuchokera kwa mmisiri wina wokonza mafoni pa Luchenza, amene akuphunzitsa ntchitoyi anyamata awiri. Akuti foni ikangofika pa tebulo, anyamatawo amathamangira kwa iye n'kunena kuti, "Bwana, iyi sikuyaka, titani?" asanaitsegule n'komwe. Nthawi zina amamudula pakati pa ntchito ndi nkhani za mpira, ndipo wina anafunsapo mmene angawerengere mauthenga a WhatsApp a m'foni ya munthu wina. Akufuna kudziwa ngati ayenera kuwakalipira kapena kungowakhalira chete.

Achimwene, ine sindikugwirizana ndi njira zonse ziwirizo. Yambani mwasiyanitsa funso la munthu wosadziwa ndi la munthu waulesi, chifukwa pakamwa amamveka chimodzimodzi. Mnyamata amene sanagwirepo multimeter (kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi) sangalote kuti batire la lithium limakhala cha pa mavoti 3.7, kuti likadzaza limafika pa 4.2 kapena kuposerapo pang'ono, kuti likatsika cha pa 3 foni siyaka, ndiponso kuti chaja wamba cha USB chimatulutsa mavoti 5. Zimenezi muphunzitseni mutakhala naye pansi, mawaya a multimeter ali m'manja mwake, osati mwanu. Akadzabweranso ndi funso lomwelo, pamenepo ndiye ulesi wayamba, ndipo mumubweze ndi mafunso anu mofatsa: batire likuwerenga zingati, wayesa chingwe china, poloweka chajapo wasuzumirapo?

Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri kwathu kuno. M'miyezi ya chiperoni, cha mu June ndi July, mafoni a anthu othyola tiyi amabwera atalowa chinyontho, poloweka chaja patachita dzimbiri lobiriwira losakanikirana ndi fumbi la m'thumba. Ambiri mwa mafoni amene eniake amati afa amadzuka ndi kamswachi kakale ndi mankhwala otsukira otchedwa isopropyl basi. Mnyamata akadzutsa yekha foni yotero kawiri kapena katatu, sadzabweranso kwa inu asanasuzumire.

Muwagulirenso kope, ndipo mukhazikitse lamulo lakuti asanakufunseni alembe mtundu wa foni, dandaulo la mwiniwake, zimene ayesa ndi manambala amene apeza. Buku la The Pragmatic Programmer la Andrew Hunt ndi David Thomas, lomwe linatuluka mu 1999, limanena za wolemba mapulogalamu a kompyuta amene ankafotokozera kabakha kapulasitiki vuto lake mzere ndi mzere, n'kumapeza cholakwikacho ali mkati mofotokoza. Kopelo ligwira ntchito ya kabakha kameneka, komanso likuthandizani tsiku limene kasitomala adzabwere n'kunena kuti foni yake inalowa ilibe mng'alu.

Za kukalipa ndikunena zimene ndinaziona ndekha. Amene anandiphunzitsa ntchito ku Mulanje anali aukali, moti atandinyoza pamaso pa makasitomala ndinaleka kufunsa. Sabata yotsatira ndinatenthetsa bodi ya m'kati mwa foni ndi hot air (chipangizo chouzira mpweya wotentha) osachotsa batire, poopa kufunsa, ndipo batirelo linafufuma, galasi n'kuwonongeka. Foni ya mayi wina wogulitsa nanazi tinailipira, ndipo mtengo wake unaposa kutali nthawi imene akanataya pondiyankha.

Nkhani za mpira musazitengere kumtima. Auzeni kuti zidikire nthawi ya nkhomaliro, ndipo panthawiyo muzicheza nawo ndithu. Koma funso la WhatsApp lija ndi la mtundu wina, ndipo likufuna yankho lomveka kamodzi kokha anyamata onse awiri ali pomwepo. Kulowa m'foni ya munthu popanda chilolezo chake ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo anthu amakusiyirani mafoni muli zithunzi zawo ndi akaunti za Mpamba ndi Airtel Money. Auzeni kuti amene adzapezeke akutsegula mauthenga a kasitomala adzasiya zipangizo pa tebulo tsiku lomwelo.