Musadinditse nkhope ya womutsatira zikalata zisanaperekedwe

Achemwali, mwandifunsa momwe geni ya katundu wa kampeni imayendera, komanso ngati mungaoderetu matisheti okhala ndi nkhope ziwiri, ya woimira upulezidenti ndi ya womutsatira wake, kuti chisankho china chikadzafika mudzakhale patsogolo pa anzanu. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi pomwe ambiri timataya mpamba. Musatero. Nkhope yachiwiriyo idikireni mpaka munthuyo ataimirira pamaso pa bungwe la MEC tsiku lopereka zikalata.

Malamulo athu amati woimira upulezidenti atchule womutsatira wake panthawi yopereka zikalatazo, ndipo mayina awiriwo amayendera limodzi papepala lovotera. Tsikulo lisanafike, zonse zomwe mumamva m'minibasi ndi pa WhatsApp ndi mphekesera chabe. Atsogoleri amabisa dala dzinalo, chifukwa m'chipani mumakhala akuluakulu angapo oyembekezera mpandowo, ndipo kulengeza msanga n'kupatsa okhumudwa nthawi yoti asamukire kwina ndi anthu awo. Mu Febuluwale 2019 ku holo ya Comesa mu Blantyre, a Peter Mutharika adatulukira ndi a Everton Chimulirenji a ku Ntcheu, dzina lomwe ife a mumsika sitinkaliganizira n'komwe. Ine chaka chimenecho ndinali nditamvera munthu wina yemwe ankati amadziwa za m'kati, ndipo ndidadinditsa katoni ziwiri za matisheti ndi nkhope ya munthu wina. Zidathera kumudzi, anthu kuvala popita kudimba, ndipo ngongole ya kubanki m'khonde ndidaibweza miyezi isanu. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbuka.

Komabe ngakhale simungadziwe dzina, mungathe kuwerenga momwe amasankhira, ndipo izi zimakuuzani komwe katundu adzayende. Choyamba amayang'ana chigawo. Munthu safuna womutsatira wa kwawo komwe mavoti ali kale m'thumba, amafuna womutsegulira khomo kumene iye ndi mlendo. A Lazarus Chakwera a chipani cha MCP, a m'chigawo chapakati, mu 2014 adatenga a Richard Msowoya a ku Karonga, mu 2019 adatsikira kuchigwa cha Shire n'kutenga a Sidik Mia, ndipo mu 2025 adabwereranso kumpoto kwa a Vitumbiko Mumba. Kwa ife ogulitsa, dzina likangotuluka, kwawo kwa munthuyo kumachitika misonkhano ikuluikulu yomulandira, ndipo nsalu za mtundu wa chipanicho zimatha ngati mchere. Mu 2019 amene adafika msanga ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi nsalu zofiira, zobiriwira ndi zakuda sadabwerere nazo.

Chachiwiri ndi mgwirizano wa zipani. Chichokereni chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, wopambana ayenera kuposa theka la mavoti onse, ndiye mpando wa womutsatira udasanduka chinthu chokambirana pakati pa zipani. Pachisankho cha pa 23 Juni 2020 a Chakwera adayenda ndi a Saulos Chilima a UTM, a Mutharika ndi a Atupele Muluzi a UDF. Nthawi yotere imakomera wamalonda, chifukwa pamsonkhano umodzi pamafunika mitundu iwiri: buluu wa DPP ndi chikasu cha UDF bwalo lomwelo, kwinaku tambala wakuda pamodzi ndi zipewa zofiira za UTM. Yemwe adali ndi mtundu umodzi wokha adagulitsa theka la zomwe akadagulitsa.

Pali china chomwe anthu sachitchula poyera koma chimalemera kuposa zonse, ndicho kukhulupirirana. Pulezidenti wa dziko lino sangangomuchotsa wachiwiri wake amene adasankhidwa naye limodzi, ndipo pulezidenti akamwalira wachiwiriyo ndiye amalowa pampando, monga mudaonera mu Epulo 2012 pomwe a Joyce Banda adalowa m'malo mwa a Bingu wa Mutharika. N'chifukwa chake nthawi zina amasiya munthu wotchuka n'kutenga wofatsa yemwe sangawasowetse tulo. Ndipo mbiri yathu ikuonetsa kuti awiriwa sakhalitsa pamodzi. A Bingu adasemphana ndi a Cassim Chilumpha, kenako ndi a Joyce Banda omwe adakayambitsa PP. A Chilima, omwe a Peter Mutharika adawatenga ku kampani ya Airtel mu 2014, adatuluka mu DPP mu 2018 n'kuyambitsa UTM. Nsalu ya nkhope ziwiri imakalamba msanga kuposa ya nkhope imodzi, ndipo yopanda nkhope ndiye simakalamba n'komwe.

Apa ndiye pagona geni yathu. Nsalu yeniyeni ya chipani, yokhala ndi chizindikiro ndi nkhope, nthawi zambiri chipani kapena woimira dera amaidinditsa yekha n'kumagawa ulere pamsonkhano. Inu simungapikisane ndi chinthu chaulere. Chomwe timagulitsa ife ndi chovalira limodzi ndi nsaluyo: matisheti opanda cholembedwa, mipango ya kumutu, zipewa, maambulera, nsapato zachinsalu, mikanda, ndi zitenje zamaluwa zomwe mtundu wake ukufanana ndi wa chipani. Amayi ovina pamsonkhano amafuna kufanana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo amaoda pagulu. Matisheti opanda cholembedwawo amagulidwanso ndi oimira uphungu ndi ukhansala kuti akadinditse okha. Zikatsala, buluu ndi wofiira amagulidwa ndi makwaya, magulu a mpira ndi a zikwati.

Katundu wotere ine ndimakatenga ku Kariakoo mu Dar es Salaam. Njira yake ndi ya ku Karonga, kuwoloka pa Songwe kulowa Kasumulu, kudzera ku Mbeya. Ngati mpamba ndi wochepa musavutike kufika ku Dar es Salaam, zambiri mungazipeze ku Kyela kapena ku Mbeya, mtengo wokwererako pang'ono koma thiransipoti yochepa. Maliseti onse musunge ndipo katundu yense mumuonetse kwa a MRA pa boda. Kuzemba msonkho podutsa njira zam'tchire kumaoneka kotchipa tsiku limodzi, koma katundu akagwidwa mpamba wonse wapita, ndipo kwa ife amayi njira zimenezo zili ndi zoopsa zina zoposa kutaya katundu. Powerengera mtengo wogulitsira muyike zonse: basi, malo ogona, onyamula, msonkho, ndi zomwe mwataya posintha ndalama. Makamaka ndalama zakunjazo. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene adagulitsa pamtengo wakale adalephera kubwererako kukaoda.

Kumeneko ku Tanzania n'kosavutirapo kulosera, chifukwa malamulo awo amati pulezidenti akachokera ku Zanzibar, womutsatira achokere kumtunda, kapena mosinthanitsa. Mayi Samia Suluhu Hassan ndi a ku Zanzibar, ndipo a Emmanuel Nchimbi adadziwika kuti ndi owatsatira mu Januwale 2025, miyezi yambiri chisankho chisanachitike. Anzathu a ku Kariakoo adali ndi nthawi yokwanira yodinda. Ife timapatsidwa milungu yochepa. Mu 2025 zikalata zidaperekedwa ku BICC mu Lilongwe kumapeto kwa Julayi, pomwe a Mutharika adatchula a Jane Ansah, ndipo kuvota kudali pa 16 Seputembala. Kampeni yovomerezeka ndi ya masiku 60, ndipo imatsekedwa kutatsala masiku awiri kuti anthu avote.

Ndiye ulendo wanu mukonze chonchi: katundu wopanda nkhope akhale atafika kale m'nyumba kampeni isanatsegulidwe, ndipo mukhale mutagwirizana ndi wodinda wa m'tauni mwanu momwemo, kuti dzina likangolengezedwa adinde zochepa zomwe wina waoda ndipo walipira theka. Ngongole kwa andale ndi anthu awo musapereke ngakhale akulonjezeni chiyani, chifukwa wogonja foni amazimitsa ndipo wopambana simumuonanso. Pa benchi panu muike mitundu yonse moyandikana, inuyo muvale chitenje chosaonetsa mbali, ndipo pamsonkhano muimike katundu kunja kwa bwalo kufupi ndi msewu kuti zikavuta munyamule msanga.

Pa ulendo woyamba musapite nokha. Ndikamadzanyamuka ndidzakuuzani kutatsala sabata, mudzakhale mutakonza pasipoti ndi mashilingi a m'njira, tidzakwerere limodzi ku Mzuzu.