Mwana amatha mavoisi koma buku limamukanika: foni mumulande?

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wake wa Sitandade 4 amatumiza mavoisi pa WhatsApp ndi kusaka mavidiyo yekha, koma akamupatsa buku amagwira njakata pa ndime yoyamba. Akufunsa ngati amulande foni.

Mayi, funso lanu landikumbutsa azakhali anga. Iwo anaphunzira kuwerenga atakula kale, ku sukulu ya kwacha yomwe inkakumana kuseri kwa tchalitchi, ndipo mpaka lero amanyadira kuti Baibulo amawerenga okha. Tsiku lina foni yawo inalira: "Ndalama ija tumizani pa nambala iyi, yanga ija yavuta." Mwatsoka sabata yomweyo anali atalonjeza fizi ya mdzukulu wawo. Anawerenga uthengawo osaphonya chilembo ngakhale chimodzi, n'kumanga chitenje, ulendo kwa ejenti. Ndalama ya mtedza wa chaka chonse inapita choncho. Zilembo ankazidziwa bwino. Chomwe palibe anawaphunzitsa n'kufunsa kuti walemba ndani, bwanji sanatchule dzina, bwanji akufulumizitsa chonchi.

N'chifukwa chake ndikamva anthu akuti foni yaononga ana ndimapsa mtima pang'ono. Kodi wailesi inawaononga? Pulogalamu ya Tikwere inkaphunzitsa ana a m'makalasi oyambirira kudzera pa MBC, aphunzitsi atakweza wailesi kutsogolo kwa kalasi. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, maphunziro anabwereranso pa wailesi. Ndipo kuyambira 2023 boma likugawa matabuleti oyendera sola m'sukulu za pulayimale pansi pa pulogalamu yotchedwa BEFIT, momwe ana amamva liwu la Chichewa, kuona chilembo, n'kuchigwira ndi chala nthawi imodzi. Mwana wa lero ayenera kudziwa kuwerenga chithunzi, mawu a munthu ndi kanema, kuphatikizapo kuzindikira chithunzi chakale chomwe achibale akugawana m'gulu la WhatsApp ngati cha dzulo. 

Komabe musandimve molakwa. Amene amati zilembo zatha ntchito akunama, ndipo ambiri mwa iwo ana awo amawerenga kale. Mayeso a MANEB a Sitandade 8 salembedwa ndi voisi. Fomu ya kuchipatala, kalata ya malo, malangizo a pa botolo la mankhwala a mbewu, zonsezi zimafuna munthu wotha kuphatikiza ma ndi la n'kupeza mala. National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga yomwe inayamba mu 2016, inalimbikira maliwu ndi maphatikizo pa chifukwa chomwechi. Mwana wa Sitandade 4 amene ndime ikumukanika ali pa vuto lenileni, ndipo foni ikungomuthandiza kulibisa.

Nanga foni ija?

Musamulande. Akajambula voisi ya kwa agogo, alembe kaye mawu omwewo m'kope asanatumize. Mauthenga obwera pa foni yanu azikuwerengerani mokweza inu mukuphika, kenako mumufunse kuti watumiza ndani ndipo akufuna chiyani. Madzulo buku la kusukulu, ndime imodzi basi. Mukaonanenso ndi aphunzitsi ake, akuuzeni maphatikizo omwe akumusokoneza.