Katipoti ka malupanga awiri: kodi n'ka 1720?

Mayi wina yemwe amakhala ku Leeds wandilembera imelo. Wagula katipoti koyera pamsika wa zakale, kansi kwake kuli chizindikiro cha malupanga awiri opingasa a buluu, ndipo akufunsa ngati n'kazaka 300 zapitazo.

Mayi, ndikuuzeni zoona: mwina ayi. Koma musakataye.

Malupangawo ndi chizindikiro cha fakitale ya Meissen, pafupi ndi Dresden ku Germany. Kwa zaka zambiri azungu ankagula porcelain, ziwiya zoyera zadothi lolimba, ku China ndi ku Japan osadziwa kuumba kwake. Mu 1708, Johann Friedrich Böttger ndi Ehrenfried Walther von Tschirnhaus anapeza chinsinsicho, ndipo mu 1710 Augustus the Strong, wolamulira dera la Saxony komwe kuli Meissen, anatsegula fakitale m'nyumba yachifumu ya Albrechtsburg. Böttgeryo anali ngati wandende. Augustus ankamusunga poganiza kuti amupangira golide. Matipoti oyambirira sanali oyera ayi, anali ofiirira, otengera a ku Yixing ku China. Oyera okongoletsedwa ndi utoto anafalikira katswiri wojambula Johann Gregorius Höroldt atabwera kuchokera ku Vienna mu 1720.

Augustus anali ndi misala yosonkhanitsa porcelain. Mu 1717 anapatsa mfumu ya Prussia asilikali 600 apakavalo posinthana ndi ziwiya za ku China 151. Anthu amoyo, kusinthanitsa ndi mitsuko! Zambiri zimene anasonkhanitsa mungazione lero ku nyumba yachifumu ya Zwinger mu Dresden.

Tsono vuto la malupangawo ndi ili: Meissen ikuwagwiritsabe ntchito mpaka pano, ndipo mafakitale ena anawakopera. Kampani ya Samson ku Paris, imene inayamba mu 1845, inapanga zofanizira zambirimbiri, zina zabwino moti zimapusitsa ngakhale odziwa.

Yang'anani kukula kwake. Matipoti a m'ma 1720 anali aang'ono chifukwa tiyi anali wodula. Ena a m'ma 1723 mpaka 1725 ali ndi zilembo K.P.M. kansi, chidule cha dzina la fakitaleyo m'Chijeremani. Onaninso chivundikiro ngati chikugwirizana ndi thupi lake, chifukwa zambiri zinasweka n'kuikidwa zina, ndipo zimenezi zimatsitsa mtengo. Mlomo ndi chogwirira ndi pamene pamakhala zomatamata.

Musakatsuke ndi mankhwala. Jambulani kansi, mkati ndi chivundikiro padzuwa, mutumize zithunzizo kwa ogulitsa zakale pa okushoni ngati Bonhams kapena Christie's, akuuzani maganizo awo.