Achimwene, musafufute seva: "could not find driver" sakunena za MySQL

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti pulogalamu yanu ya Laravel (chida chopangira mawebusaiti m'chilankhulo cha PHP) imayenda bwinobwino pa laputopu pa XAMPP (phukusi loyendetsera PHP ndi database pa kompyuta yanu), koma mutaikweza pa VPS (seva yobwereka pa intaneti) ya Ubuntu 22.04 yokhala ndi Nginx (pulogalamu yotumikira masamba a webusaiti), tsamba likungolemba kuti "could not find driver", chonsecho mu terminal php artisan migrate (lamulo lopanga matebulo mu database) yadutsa popanda vuto. Ndaonanso m'makomenti ena akukuuzani kuti mufufute zonse muyambirenso, wina akuti muchotse database ya MySQL muike inzake ya MariaDB. Chonde musatero. Seva yanu sikudwala kwambiri ayi, ndipo mukaifufuta mutaya tsiku lathunthu pamodzi ndi bandulo yanu, kenako n'kudzapezanso uthenga womwewu ukukudikirani.

PHP payokha sidziwa chilankhulo cha MySQL. Imadalira womasulira, kapulogalamu kakang'ono kotchedwa pdo_mysql, ndipo ndi kameneka kamene uthengawo ukutcha driver. Ikanena kuti driver sinaipeze, ndiye kuti sinanyamuke n'komwe kupita ku database. Sinagogode pakhomo, sinafunsidwe pasiwedi. Choncho kusintha pasiwedi, kutsegula port 3306 kapena kuikanso MySQL sikungasinthe kalikonse. Mukhala mukukonza mlatho pomwe njinga ili kunyumba yopanda tcheni.

Nanga mu terminal zikuyenderanji? Apa ndi pomwe pagona nkhani yanu. Pa XAMPP pali PHP imodzi ndi php.ini imodzi, zonse mu foda imodzi, ndiye munthu amazolowera kuganiza kuti PHP ndi chinthu chimodzi. Pa Ubuntu sizili choncho. PHP imene imayankha mukalemba php mu terminal ndi ina, ndipo imene imatumikira anthu a pa browser ndi inanso. Nginx siyendetsa PHP yokha, imangopereka ntchitoyo kwa PHP-FPM, yomwe imakhala ikuyenda payokha kumbuyo. Ya mu terminal imawerenga mafayilo a mu /etc/php/8.1/cli, ya browser imawerenga a mu /etc/php/8.1/fpm. Zikhoza kusiyananso ma version. Ubuntu 22.04 imabwera ndi PHP 8.1, koma maphunziro ambiri a pa intaneti amauza anthu kuti aonjezere PPA (nkhokwe yoonjezera ya mapulogalamu) ya Ondřej Surý, yomwe imakhala ndi ma version ena a PHP, ndipo mukatero n'zosavuta kukhala ndi 8.1 ndi 8.3 pa seva imodzi osazindikira. Mukalemba apt install php-mysql popanda nambala, driver imalowa ku version imene apt imasankha yokha (default), yomwe ikhoza kusiyana ndi imene Nginx ikulozako. Ine apa ndi pamene ndikukayikira kwambiri.

Lembani php -v muone nambala. Kenako tsegulani fayilo ya tsamba lanu mu /etc/nginx/sites-available mufufuze mzere umene ukuyamba ndi mawu oti fastcgi_pass. Mupeza zonga unix:/run/php/php8.1-fpm.sock. Ngati nambala ziwirizi zikusiyana, wakuba mwamugwira. Tinene kuti Nginx ikuloza ku 8.1, ndiye mulembe:

sudo apt install php8.1-mysql
sudo systemctl restart php8.1-fpm

Taonani kuti tikudzutsanso php8.1-fpm, osati Nginx. Anthu ambiri amapanga restart Nginx kakhumi n'kumadabwa kuti palibe chasintha, pomwe PHP siikhala mkati mwa Nginx. Pofuna kutsimikiza, lembani sudo php-fpm8.1 -m ndipo muyang'ane ngati pdo_mysql ikuoneka pamndandandawo. Chabwino koposa n'chakuti musankhe version imodzi ya terminal ndi browser yomwe, kuti zimene mwayesa kuno zikhale zomwezo zimene alendo akuona uko.

Ena akuuzani kuti muike kafayilo ka phpinfo mu foda ya public n'kukatsegula pa browser. Njirayo ndi yoona, imasonyeza php.ini imene ikuwerengedwa komanso ma driver a PDO amene alipo. Koma mukangoona zimene mumafuna, kafufuteni nthawi yomweyo. Tsamba limenelo limaulula zamkati mwa seva yanu kwa aliyense wodutsa.

Chinanso, musatengere malangizo a Windows akuti mutsegule php.ini muchotse kachizindikiro ka ; kutsogolo kwa extension=pdo_mysql. Pa XAMPP zimatheka chifukwa fayilo ya driver ilipo kale, imangodikira kuyatsidwa. Pa Ubuntu fayiloyo kulibe mpaka mutaika phukusi lake, ndipo phukusilo limadziyatsa lokha kudzera mu foda ya conf.d. Mmenemo muli 10-mysqlnd.ini, 10-pdo.ini ndi 20-pdo_mysql.ini, ndipo manambalawo ali ndi ntchito: pdo_mysql imafuna kupeza anzake awiriwo atadzuka kale. Mukaiyatsa ndi manja mu php.ini imadzuka isanafike nthawi yake, n'kuyamba kukupatsani machenjezo a "undefined symbol". Ngati munachotsa kale kachizindikiroko, kabwezeretseni.

Musanapitirire, werengani uthenga wonse mpaka kumapeto mu storage/logs/laravel.log. Laravel imalemba mawu oti Connection n'kutchula mtundu wa database imene imafuna kufikira. Kuyambira pa Laravel 11 ya 2024, fayilo yatsopano ya .env, momwe mumalemba dzina la database, akaunti ndi pasiwedi, imabwera ndi DB_CONNECTION=sqlite. Mukaona sqlite pamenepo, ndiye kuti driver imene ikusowa si ya MySQL n'komwe, ndipo migrate yanu ija inalemba matebulo mu kafayilo ka database.sqlite, ku MySQL sinafikeko.

Tsopano ndikuuziretu chimene ndikuganiza kuti chikubwera driver ikangolowa, kuti musadzadzidzimuke n'kuyesa kuti mwaononga. Mwina muona "Access denied for user 'root'@'localhost'" ndi nambala 1698 kapena 1045. Umenewo ndi uthenga wabwino kuposa woyamba uja, chifukwa ukusonyeza kuti PHP yayenda ulendo wonse, yafika pageti, mlonda ndiye waikaniza. Pa XAMPP tinazolowera akaunti ya root yopanda pasiwedi. Pa Ubuntu root ya MySQL imagwiritsa ntchito auth_socket, kutanthauza kuti siyang'ana pasiwedi ayi, imayang'ana kuti wogogodayo ndi ndani pa Linux. Mukakhala munalowa pa VPS ngati root, .env ili ndi root ndi localhost, migrate idutsa bwinobwino. Koma PHP-FPM imayenda m'dzina la www-data, ndipo www-data si root, ndiye imabwezedwa.

Pa intaneti mupeza ambiri akukuphunzitsani kusintha root kuti izilandira pasiwedi. Ine sindikulangizani zimenezo. Webusaiti isamagwire makiyi a nyumba yonse. Lowani ndi sudo mysql mupange akaunti ya pulogalamu yokhayo (malonda ndi malonda_db ndi mayina achitsanzo chabe, muike anu):

CREATE USER 'malonda'@'localhost' IDENTIFIED BY 'pasiwedi-yolimba';
GRANT ALL PRIVILEGES ON malonda_db.* TO 'malonda'@'localhost';

Tsiku lina munthu akadzapeza kabowo mu code yanu, adzangofika mu database imodziyo basi. Dziwaninso kuti kwa MySQL dzina lokha si akaunti. Akaunti ndi dzina pamodzi ndi kumene munthu akuchokera, moti 'malonda'@'localhost' ndi 'malonda'@'%' ndi anthu awiri osiyana, aliyense ndi pasiwedi yake. Mukaika zatsopanozi mu .env, pasiwedi muitsekere m'zizindikiro za "" makamaka ikakhala ndi #, apo ayi Laravel idula pasiwediyo pa # n'kuona zotsalazo ngati ndemanga chabe. Kameneka kamazunza anthu kwambiri, chifukwa pasiwedi yomweyo mukailemba ndi manja mu terminal imalowa. Mukatero lembani php artisan config:clear, chifukwa ngati munapangapo config:cache, Laravel siyang'ananso .env mpaka mutachotsa zakalezo.

Nkhani ya root ili ndi mchira wina. Mukayendetsa artisan muli root, mafayilo atsopano a mu storage amakhala a root, ndiye www-data imalephera kulembamo. Mankhwala ake ndi sudo chown -R www-data:www-data storage bootstrap/cache. Wina akakuuzani za chmod 777, yomwe imalola aliyense kulemba m'mafayilowo, ndiye kuti akuti mugone chitseko chili pululu chifukwa loko wavuta.

Nambala ina yofunika kuidziwa bwino ndi 2002, chifukwa imabwera ndi mawu osiyanasiyana ndipo mawu aliwonse akuloza kwina. Chinsinsi chake n'chakuti kwa PHP pa Linux, localhost ndi 127.0.0.1 si chinthu chimodzi. Mukalemba localhost, PHP sidutsa pa network, imafuna fayilo ya socket, yomwe pa Ubuntu imakhala /var/run/mysqld/mysqld.sock, ndipo port imene mwalemba siiyang'ana n'komwe. Mukalemba 127.0.0.1 imadutsa pa TCP kupita ku port 3306. Ndiye "No such file or directory" ikutanthauza kuti socket sinapezeke: mwina MySQL yagona, mwina PHP ikuifuna pamalo polakwika. "Connection refused" ikutanthauza kuti yafika pa adiresi koma palibe amene akumvetsera pa port imeneyo. "Connection timed out" ndi pamene mawu anu akungomezedwa panjira osayankhidwa, ndipo kawirikawiri ndi firewall kapena adiresi yolakwika. Pa zonsezi choyamba ndi systemctl status mysql, kenako /var/log/mysql/error.log. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene. Mizere makumi awiri yomaliza ya fayilo imeneyo imanena zambiri kuposa makomenti athu tonse muno.

Kwa anzathu a Docker amene akuwerenga, mkati mwa container localhost ndi container yomweyo, ndiye DB_HOST ikhale dzina la service ya database monga munalilembera mu compose. A Rocky Linux ndi AlmaLinux mukaona 2002 ndi "Permission denied" pomwe mu terminal zikulowa, ndi SELinux imeneyo, mlonda wa chitetezo wa pa maseva amenewa. Lembani setsebool -P httpd_can_network_connect_db 1, musaizimitse yonse. A cPanel kumbukirani kuti dzina la database ndi la akaunti zimayamba ndi dzina lanu la hosting, komanso kuti kupanga ziwirizi sikokwanira, muyenera kuzilumikiza. Ndipo amene akusungabe mapulogalamu akale: MySQL 8.0 ya 2018 inabwera ndi njira yatsopano yotsimikizira pasiwedi, caching_sha2_password, imene PHP yakale, monga 7.2 ndi 7.3, imavutika nayo n'kupereka 2054. Kale tinkabwezera akaunti ku mysql_native_password, koma mu MySQL 8.4 njirayo imabwera yozimitsa ndipo mu 9.0 inachotsedwa, ndiye chofunika n'kukweza PHP. Code imene ikuitanabe mysql_connect palibe driver imene ingaipulumutse, zimenezo zinachotsedwa mu PHP 7.0 m'chaka cha 2015.

Pali vuto lina limene limandikhudza kwambiri chifukwa limabwera anthu atayamba kale kudalira ntchito yanu. Ndinakhalapo ndi kapulogalamu ka sukulu ina pa VPS ya RAM ya 1 GB. Masiku onse kankayenda bwino, koma tsiku lotulutsa zotsatira za mayeso makolo atalowa ambiri nthawi imodzi, tsamba linayamba kulemba "Connection refused". Ndikadzutsa MySQL inkayenda kanthawi kenako n'kugwanso. Makolo ankaimbira aphunzitsi, aphunzitsi n'kumaimbira ine, ndipo zinandipweteka chifukwa ena anali atagula bandulo ndi cholinga chokhacho choona zotsatira za mwana. Mu code munalibe cholakwika. Nditalemba dmesg ndinapeza mzere wa "Out of memory" wotchula mysqld. RAM ikatha, Linux imasankha pulogalamu imodzi yoti iphe kuti seva ipulumuke, ndipo nthawi zambiri imagwera MySQL chifukwa ndiyo imadya kwambiri. Ndinaika swap ya 2 GB (malo a pa disk othandizira RAM ikadzaza), n'kutsitsa pm.max_children mu /etc/php/8.1/fpm/pool.d/www.conf kuti PHP isamabereke antchito ochuluka kuposa mmene RAM ingathere, ndipo vutolo silinabwerenso. Ngati VPS yanu ndi yaing'ono chonchi, chitani zimenezi lero, musadikire tsiku la anthu ambiri. Muzionanso df -h, chifukwa disk ikadzaza ndi ma log MySQL imakana kudzuka.

Abale ake a vuto limeneli ndi 1040, "Too many connections", pamene malo 151 amene MySQL imapereka poyambira adzaza, ndi 2006, "MySQL server has gone away". Yachiwiriyi imakonda ma queue worker (timapulogalamu todikira ntchito kumbuyo) amene amakhala nthawi yaitali osachita kanthu, popeza MySQL imadula kulumikizana kumene kwangokhala chete kwa masekondi 28800, omwe ndi maola 8. Imabweranso mukatumiza chinthu chachikulu kuposa max_allowed_packet, malire a kukula kwa uthenga umodzi umene MySQL imalandira.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse. Mu /etc/mysql/mysql.conf.d/mysqld.cnf muli mzere wa bind-address = 127.0.0.1. Popeza webusaiti ndi database zili pa seva imodzi, usiyeni mmene ulili. Musausinthe kukhala 0.0.0.0 ndi kutsegula 3306 ku dziko lonse pofuna kuti muziona matebulo muli pa laputopu. Pa intaneti pali makina amene ntchito yawo usana ndi usiku n'kuyesa port imeneyo pa adiresi iliyonse, ndipo mu database yanu mukhala mayina ndi manambala a foni a anthu amene akukhulupirirani. DBeaver, HeidiSQL ndi MySQL Workbench zonse zimatha kudutsa pa SSH, port ya database ili chitsekere.

Yambani ndi php -v ndi mzere wa fastcgi_pass uja. Zikakanikabe, ikani muno zotsatira za ziwirizo pamodzi ndi mizere yomaliza ya laravel.log, koma muyambe mwafufuta pasiwedi, APP_KEY ndi adiresi ya seva yanu musanajambule. Ndikhala pa intaneti madzulo ano ndikaweruka, tidzaonere limodzi.