Funsani Amakaniko: Kodi utsi wa galimoto amauyeza bwanji?

FUNSO: Ndimayendetsa minibasi ya dizilo pakati pa Nchalo ndi Blantyre. Ndikangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera mapiri, kumbuyo kumachita mdima ndi utsi wakuda. Abwana akuti tikaiyezetse utsi pa makina. Utsi n'kuyezanso, si timauona ndi maso?
Dalaivala, Nchalo

YANKHO: Achimwene, abwana anuwo akunena zoona. Choyamba injini itenthe kaye, yozizira imanamiza makina. Kenaka amalowetsa kapaipi mu ekizozi, inu n'kuponda moto mpaka pansi kangapo galimoto ili chiimire. Utsi umalowa m'kabokosi momwe muli nyale mbali ino, kachipangizo kolandira kuwala mbali inayo. Utsi ukada kwambiri, kuwala kofika tsidya linalo kumachepa, ndipo nambala imakwera. Za dizilo n'zomwezo basi. Koma onani oyilo ndi lamba wa taimingi musanapite, chifukwa kupondako si kwamasewera.

Ya petulo ndiye imandiopsa ine. Pamenepo makina sayang'ana kuda kwa utsi ayi, amayeza mipweya: carbon monoxide, mafuta otuluka osapsa, carbon dioxide ndi okosijeni. Amayeza injini ikulira yokha, kenaka pa ma rev pafupifupi 2,500. Carbon monoxide alibe mtundu, alibe fungo, koma amapha munthu m'galaja yotseka. Galimoto ikhoza kuoneka yoyera kuekizozi, chonsecho mwini wake anagulitsa kale catalytic converter, kachipangizo ka mu ekizozi kochepetsa mipweya yoipa, kwa anyamata ofuna chitsulo chodula cha platinum cha m'katimo. Makina amaigwira nthawi yomweyo.

Tibwerere kwa inu. Utsi wakuda ndiye kuti dizilo wachuluka, mpweya wachepa. Kuno kuchigwa ndimayamba ndi eya kilina, sefa ya mpweya wolowa mu injini. Fumbi la mwezi wa Okutobala pa Ngabu kapena pa Dyeratu mukulidziwa, nanji mukapatukira misewu yafumbi kukatenga anthu m'midzi. Sabata yatha ndatsegula ina, ndinagwedeza dothi loti n'kudzalamo chitowe. Titaika yatsopano, utsi unachepa pomwepo. Ikakhala bwino, tiyang'ane manozo othira dizilo mu injini ndi pampu yake. Komanso muchepetseko matumba a mpunga ndi mbuzi pansi pa mipando. Giya yaikulu pachitunda, katundu ali tho, utsi sungalephere.

Ukadakhala wabuluu ndikadati ikudya oyilo, maring'i atha. Woyera wambiri, madzi akuchepa m'rediyeta, ndi gasiketi.

Timabotolo tamankhwala tothira m'thanki tija musatayirepo ndalama musanatsegule eya kilina.