Achimwene, si onse amene anathawa ndi ndalama zanu

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Blantyre. Akuti anamaliza digiri koma ntchito palibe, ndiye anasonkherana ndalama ndi mnzake kuti ayambe geni ya kaunjika, mnzakeyo n'kuthawa nazo zonse kupita ku Joni. Funso lake ndi lakuti, "Chiyembekezo ndichitenge kuti poti anthu onse ndi akuba, ndipo sindikuona n'komwe chimene ndinabadwira?"

Achimwene, pepani kwambiri. Zimene anakuchitirani mnzanuyo ndi zoipa ndipo sindikuuzani kuti mungoziiwala ayi, makamaka poti kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023 ndipo kapitolo kuti umupezenso ndi nkhondo. Kukwiya kwanu n'komveka.

Koma mawu akuti "onse" aja ndi amene ndikukana. Inu muli ku Blantyre komweko, mukukumbuka Malichi 2023 pomwe namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Amene anayamba kukumba anali ndani? Anyamata a m'dera momwemo, ena opanda ntchito ngati inu nomwe, ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja enieni, mvula ikadagwa, kufunafuna anthu oti mwina sanali abale awo n'komwe. Azimayi kumaphika nsima m'masukulu momwe anthu anathawira, ena kuchotsa zovala m'sutikesi mwawo kukapereka. Palibe anawalonjeza alawansi. Anthu amenewo sanasamuke, mumakwera nawo minibasi tsiku lililonse, ena ndi a kabaza omwe mumakangana nawo pa chenji.

Onaninso banki m'khonde, azimayi amaika ndalama zawo m'bokosi limodzi chaka chathunthu, inde nthawi zina wina amazembera ngongole, koma magulu ambiri amafika Disembala n'kugawana bwinobwino. Akanakhala onse akuba bwenzi zinatha kalekale.

Ndiye chiyembekezo ine ndimachiona ngati chosankha, m'mawa uliwonse mumasankha kuti muwerenga ndani, amene anakuberani yekhayo kapena amene anakupatsani malo ogona ndi kukugulirani bandulo yolembera imeloyi. Sikuti mukhale opusa, geni yotsatira mulemberane papepala pakhale mboni, ndalama zidutse pa Mpamba kapena Airtel Money kuti umboni ukhalepo.

Za chimene munabadwira, musadikire kuti chibwera ndi kalata ya ntchito, zimandipweteka mtima kuona achinyamata akudziyesa achabechabe chifukwa cha intaviyu imene sanaitanidwe. Mwalemba kuti masamu mumawatha. Pafupi nanu pali ana a Fomu 4 amene MSCE ikuwaopsa ndipo makolo awo sangakwanitse za patitaimu. Itanani awiri kapena atatu Loweruka likubwerali, pakhonde pomwepo, makalata ofunsira ntchito muzitumizabe. Pakatha mwezi mundilemberenso, ndikufuna kumva mmene anawo akuchitira komanso mmene inuyo mukugonera usiku.