Nambala yakhalitsa osatuluka: kodi yakhwima?

Achimwene ena a ku Matawale mumzinda wa Zomba, oyendetsa kabaza wa njinga yamoto, andilembera pa imelo. Akuti ali ndi kope lomwe amalembamo zotsatira za lotale ija yotulutsa manambala 5 mwa 90. Otulukatuluka amawatcha otentha, osaonekaoneka ndi ozizira. Panopa maso awo ali pa 37, yomwe yatha maulendo 30 osaoneka. Akufunsa ngati ino ndi nthawi yoikapo ndalama zambiri poti yakhwima, kapena atsate otentha aja.

Achimwene, pa 37 musaonjezerepo ngakhale K100.

Maganizo oti nambala imakhwima tinawatengera ku chilimba. Kumeneko amene walandira amapita kumbuyo, ndipo amene sanalandire amadziwa kuti mwezi wake ukuyandikira. Lotale ilibe mzere wotere. Akamaliza kutulutsa timipira tisanu, amatibwezera tonse m'makina, ulendo wotsatira n'kuyambanso ndi 90 onse. Kampira ka 37 sikadziwa kuti dzulo kanatsalira. Mwayi wake ndi 5 mwa 90, kutanthauza kamodzi mwa 18, lero, mawa, ngakhale patapita chaka. Nambala yomwe yatuluka dzulo mwayi wake ndi womwewonso.

Tsegulani kope lanulo muwerenge manambala onse amene sanaoneke m'maulendo 30 apitawa. Masamu ake amati amakhala pafupifupi 16 mwa 90 aja. Ndiye kuti 37 ili ndi anzake ambiri, kungoti inu mtima unagwera pa iyo. Ndi mmene zinthu za mwayi zimagwera, zina kuunjikana, zina kusowa kwa nthawi.

Zimene zinachitika ku Italy zimandikhudza kwambiri, chifukwa lotale yawo ndi ya 5 mwa 90 yomweyi. Pa lotale ya mzinda wa Venice, nambala 53 inasiya kuoneka mu May 2003. Anthu anati yachedwa, ituluka basi. Atadikira miyezi, anayamba kuonjezera ndalama kuti ikadzatuluka adzabweze zonse zotayika. Ena anatenga ngongole, ena anasesa zomwe banja linasunga zaka zambiri. Inatha maulendo 182 isanaoneke, n'kudzatuluka mu February 2005. Inatulukadi, koma ambiri inawapeza atauma kale m'thumba, alibe yoguliranso tikiti.

Za otentha sindichulutsa. Akanakhala ndi tanthauzo makina akanakhala opendekeka kapena kampira kena kolemera mosiyana ndi tinzake, koma zimenezo simungazigwire ndi masamba ochepa a kope. Ku Bulgaria mu September 2009 manambala 4, 15, 23, 24, 35 ndi 42 anatuluka onse maulendo awiri otsatizana. Boma linafufuza, silinapeze chinyengo.

Chomwe kusankha kwanu kungasinthe ndi chimodzi, ndiponso pa lotale yokhayo imene opambana amagawana mphoto yaikulu: kuchuluka kwa ogawana nawo. Anthu ambiri amalemba masiku obadwa, motero manambala a 1 mpaka 31 amadzadza anthu. Ena amakonda ondondozana. Ku South Africa pa 1 December 2020, lotale ya PowerBall inatulutsa 5, 6, 7, 8, 9 ndi 10, ndipo anthu 20 anagawana mphotoyo. Kupewa manambala otchuka sikukuyandikitsani ku chipambano, kumangochepetsa ogawana nawo mutapambana. Ndipo kulasa onse asanu mwa 90 ndi kamodzi mwa 43,949,268, kuposa kuwirikiza kawiri Amalawi onse amene anawerengedwa pa kalembera wa 2018.

Kulemba kwanu sindikukunyoza ayi. Munthu wosunga kope chonchi ndi wosamala, ndipo luso limeneli ndi losowa. Jambulani mizere iwiri kumapeto kwake, wina wa ndalama zomwe mwaika, wina wa zomwe mwalandira, muziphatikiza mwezi ukatha. Mizere imeneyo ndi imene ingakuuzeni zoona. Ngati mukusewerabe, dulani kandalama ka pa sabata komwe katatayika kunyumba sagona ndi njala. Ya mafuta, ya mwini njinga ndi ya fizi ya ana isayandikireko, ya katapila ndiye ayi ndithu.

Chondidetsa nkhawa kwenikweni ndi mawu anu oti muikepo zambiri. Ndikudziwa mmene zimayambira pa siteji, kaya pa Mpondabwino kaya pa Chinamwali, anzanu atazungulira foni imodzi: lero K500, yakana, mawa K1,000 kuti mubweze. Mukamawirikiza chonchi maulendo 10, zonse pamodzi mwaika K511,500. Pamene mwayi woti 37 ithe maulendo 10 enanso osatuluka ndi woposa theka.